Dzina Lomwe Linagwera M'madzi

Pa ofesi ya kazembe wa Italiya ku Córdoba
mzere umayamba nkhuku zisanatsike.
Ndine wa nambala makumi anayi ndi zitatu,
ndakumbatira envulopu ngati khanda lodwala,
ndipo m'menemo muli anthu anayi, onse akufa.

Woyamba ndi Ermenegildo Zanuttig,
amene anatsika sitima ku Buenos Aires
ndi sutikesi yakatoni, mpeni wodulira mpesa,
nsapato imodzi yake, inayo ya mkulu wake.
Kalaliki wa padoko, kaya chinali chimfine kaya ulesi,
analimva dzinalo, nalimeta mutu ndi mchira.
Sanuti, analemba choncho, nadinda.
Zilembo zotsalazo zinagwera m'madzi
ndipo mpaka lero ife tikuziwedza.

Ine ndine Nélida, ndimagulitsa mabatani ndi ulusi.
Pa chiyankhulo cha munthu ameneyo
ndinatolako mawu asanu ndi awiri basi:
atatu ndi otukwana,
limodzi loitanira nkhuku,
limodzi lotsanzikira, lakuti mandi.
Awiri enawo bambo ankawang'ung'udza okha
akamanola mpeni uja pamwala wa kuseri.
Tanthauzo sindinafunse.
Ndinkati nthawi ilipo.

Pasipotiyi sindikuifuna ine.
Ndi Lautaro, mwana wanga wokonza mafiriji,
amene malipiro ake amasungunuka mwezi usanapendeke.
Akuti ku Udine akusowa manja.
Ndinaseka mpaka kutsamwa:
dziko lomwe linalavula gogo chifukwa cha njala
lero likukodola chidzukulu ndi chala.
Amati madzi saiwala khwawa,
koma palibe ananditsina khutu
kuti pobwerera amakokolola ndi mwana wako yemwe.

Kumbuyo kwanga kuli bambo Olejnik,
mayi awo Mtaliyana, bambo awo a ku Poland.
Akuti mudzi wa bambowo unasintha dziko katatu
osasuntha ngakhale phazi limodzi,
ndiye asankha kutsata mbali ya kuchikazi.
Tagawana buledi. Wawo ndi wakuda, wowawasa.

Pawindo pali mtsikana wa zikhadabo zofiira.
Waŵerenga akufa anga mmodzimmodzi
n'kuima pa woyambayo.
Mayina sakugwirizana, mayi.
Pezani kalata ya ku tchalitchi chomwe anabatizidwira,
mubwerenso pakatha miyezi isanu ndi itatu.

Ndinafuna kumuonetsa mphuno yangayi,
yomwe yadutsa mibadwo inayi osapindika.
Ndinafuna kumuitana Lamlungu ku Caroya
adzaone tikukhuthulira polenta pathabwa
n'kuidula ndi ulusi wa m'sitolo mwanga,
amalume Tarcisio akukalipira vinyo wa chaka chino
monga anakalipira wa chaka chatha,
tonse tikuyankhula nthawi imodzi, womvera palibe.
Kodi chimenecho si chidindo?
Koma ndinangoti zikomo,
m'Chisipanishi,
chiyankhulo chomwe ndimalotera ndi kuŵerengera chenje.

M'basi yobwerera ndinatulutsa kakatoni ka mabatani
n'kuyeserera kuseri kwake: Z, a, n.
Dzanja linkakana ngati ndikuba siginecha ya mwini.
Kumeneko, akuti, dzinali lili pamiyala ya kumanda,
koma ndani angandidziwe ndikagogoda?
Kuno amatitcha Ataliyana.
Uko Lautaro akakhala mnyamata wa ku Argentina,
wokonza firiji, wolakwitsa mawu.

Madzulo ndapita kuseri.
Mpesa wayamba kale kulira m'mfundo,
ndachedwa kuudulira chaka chino.
Ndatenga mpeni, chigwiriro chake chinatha ndi zikhatho zitatu,
ndaukhuza pamwala, uku ndi uku,
ndipo mawu awiri aja atuluka okha m'kamwa mwanga,
athunthu, ndi kamvekedwe ka bambo.

Lautaro anaima pakhomo, foni m'manja.
Amayi, mwati chiyani?

Ndamuyang'ana: mphuno yomweyo.
Bwera ugwire nthambi iyi, ndatero,
gwira zolimba, usaisiye.